Sabata ya njereza ndi miyala yofiira

Lolemba tinapeza khoma la kumpoto litanyowa m'kati, pulasitala akuyoyoka. Ndi katchalitchi ka kumudzi kuno ku Herefordshire, m'dziko la England, ka m'zaka za m'ma 1100, kamangidwe kamene amakatcha Romanesque: makoma ochindikala, timawindo tating'ono, makomo opindika pamwamba ngati uta. Nditakwera makwerero ndinapeza mpope wa madzi a padenga utatsekeka ndi masamba. Pamenepo panalibe chovuta, tinachotsa.

Vuto lenileni linali simenti. Wina kalekale anamata simenti m'mipata ya miyala, ndipo ndikhulupirira ankaganiza kuti akuthandiza. Koma mwala wa kuno ndi wamchenga, wofiira, wofewa. Akale ankamangira njereza yosakaniza ndi mchenga, kotero madzi akalowa m'khoma ankatulukira m'mipatamo. Simenti imatseka njira imeneyo. Madzi amakakamira m'mwala, chisanu chikafika amaundana, nkhope ya mwala n'kusendeka, simenti ili chilili. Zimandipweteka mtima ndikaziona.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinangokhalira kugogoda ndi tchizulo kuchotsa simenti ija, pang'onopang'ono, popanda makina. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anandifunsa kuti, "Achimwene, masiku awiri onsewa kachigawo kokhaka?" Sindinamuyankhe zambiri.

Lachinayi mvula itatiletsa ntchito ndinapita naye kumudzi wa Kilpeck, ku Herefordshire konkuno, ku tchalitchi cha St Mary and St David, chomangidwa cha m'ma 1140. N'chaching'ono, zigawo zitatu zokha, cha kuguwa chozungulira. Koma khomo la kumwera! Njoka zosema zikupiringizana m'mizati, ankhondo aima pakati pa ziyangoyango, pamwamba pali mtengo wa moyo. Kunsi kwa denga kuli timiyala tosema toposa 80: galu ndi kalulu atagundana mitu, woimba zeze, awiri akugwirana, mitu ya nkhosa. Amisiri amenewa sankasemera mafumu okha ayi, ankasemeranso alimi obwera kudzapemphera ndi matope kumapazi. Mnyamata uja anazungulira katatu, khosi lili m'mwamba. Pobwerera m'galimoto anayamba kufunsa za kasakanizidwe ka njereza.

Lachisanu tinamata. Njereza siifuna phuma: ikauma msanga imang'aluka, ikagwidwa ndi chisanu imafumbutuka. Tinaikanikiza bwino m'mipata, itayamba kugwira tinaimenya ndi burashi yolimba, kenako tinafunditsa khoma lonse ziguduli zonyowa. Mayi amene amasunga kiyi wa tchalitchi anatibweretsera tiyi, nafunsa kuti khoma liuma liti m'kati. Ndinawauza zoona, kuti khoma lochindikala chotere lingatenge chaka ngakhale kuposa. Mawa ndi Loweruka, koma ndipitako m'mamawa kukawaza madzi pa ziguduli zija.