Seramu ya mnzanu si yanu

Anzanga, musagule seramu (mankhwala amadzimadzi opaka kunkhope) chifukwa choti yamuyanja mnzanu. Khungu limasiyana.

Ngati nkhope yanu imachita mafuta ndi ziphuphu, funani yokhala ndi niacinamide, kapena salicylic acid ya 2 peresenti, amene amalowa m'timabowo ta khungu n'kuchotsa mafuta otsekamo. A khungu louma, yanu ndi hyaluronic acid. Pakani nkhope ikadali yonyowa pang'ono, losheni pamwamba kuti chinyezi chisathawe.

Mawanga akuda otsala ziphuphu zikapola amafuna vitamini C m'mawa. Ikasanduka yofiirira m'botolo, mphamvu yatha. Koma mukapanda kudzola sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) ya mphamvu ya SPF 30 kapena kuposa, mukungotaya ndalama, chifukwa dzuwa limadetsanso mawangawo, ngakhale khungu lanu likhale lakuda bwanji.

Retinol, wopezeka m'maseramu ochepetsa makwinya ndi ziphuphu, ndi wa usiku, kawiri pa sabata poyamba, poti amasupula khungu. Amayi oyembekezera asamuyandikire n'komwe.

Chimene chimandidabwitsa ndi kusanjikiza maseramu anayi tsiku limodzi, mawa nkhope yatupa, wolakwa osadziwika! Yambani ndi imodzi, muiyese kaye kuseri kwa khutu. Madontho awiri kapena atatu akwana, ndipo mawanga amayamba kuzirala pakatha masabata 8 mpaka 12.