Padi, mfumu ya Ekron yomwe sindinkaidziwa

Kwa zaka zambiri, mzinda wa Afilisti wa Ekron ndinkangoudziwira pa nkhani ziwiri: ya Likasa la Chipangano lomwe anthu ake analikana mofuula mu 1 Samueli 5, ndi ya mfumu Ahaziah yomwe inatuma amithenga kwa Baala-Zebubu, mulungu wa mzindawo, itagwa kuchokera m'chipinda chapamwamba. Mwezi uno ndakhala ndikuwerenga zomwe ofukula zakale anapeza pa chitunda cha Tel Miqne, pomwe panali Ekron, pafupifupi makilomita 35 kumadzulo kwa Jerusalem, ndipo ndazindikira kuti Afilisti ndinkangowaonera patali.

Trude Dothan ndi Seymour Gitin anatsogolera ntchito yofukula pamalopo kuyambira 1981 mpaka 1996. M'chaka chomalizacho, m'mabwinja a kachisi munapezeka mwala wolembedwa mizere isanu, wonena kuti Achish, mwana wa Padi, wolamulira Ekron, anamangira mulungu wake wamkazi nyumba. Mwalawo ndiwo unatsimikizira kuti chitunda chimenechi ndi Ekron weniweni.

Dzina la Padi ndilo landichedwetsa. M'Baibulo mulibemo, koma m'zolemba za Sennacherib, mfumu ya Assyria, zokhudza nkhondo ya 701 BC, lilimo. Zolembazo zimati akuluakulu a Ekron anamanga Padi maunyolo chifukwa anali wokhulupirika kwa Assyria, n'kumupereka kwa Hezekiah, mfumu ya Yuda, kuti amutsekere ku Jerusalem. Sennacherib atafika anamutulutsa, anamubwezera pampando wake, namupatsanso ena mwa madera omwe analanda ku Yuda. Nditabwerera ku 2 Mafumu 18:8, pomwe pamati Hezekiah anakantha Afilisti mpaka ku Gaza, vesi lomwe kale ndinkalidutsa mothamanga linandiimitsa, popeza tsopano kumbuyo kwake ndikuonako munthu womangidwa. Komabe ndiyenera kusamala, chifukwa Sennacherib ankalemba modzitamandira, ndipo wodzitamandira sanena zomwe zinamukanika.

M'nthawi ya ulamuliro wa Assyria, Ekron unakula ndi mafuta a azitona. Ofukula anapeza malo ofinyira mafuta okwana 115. Azitona ankaphwanyidwa m'beseni lalikulu la mwala, phala lake ankaliika m'madengu osanjikizana, kenako ankalipanikiza ndi mtengo wautali womangiriridwa miyala yolemera mpaka mafuta atatsikira m'zotengera. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana chojambula cha chipangizochi, ndikuganizira manja omwe ankanyamula miyalayo tsiku ndi tsiku, chifukwa m'maganizo mwanga Mfilisti anali Goliath yekha, wa mkondo ndi chisoti chamkuwa.

Zonsezi zinathera m'moto cha m'ma 604 BC, pomwe ankhondo a Nebuchadnezzar, mfumu ya Babuloni, anawononga mzindawo. Sabata yamawa ndiyamba kuwerenga za Ashkelon, mzinda wina wa Afilisti, womwe unagwanso m'manja mwa mfumu yomweyo nthawi imeneyo, ndipo ndaika kale chizindikiro pa Zefaniya 2:4, pomwe mizinda iwiriyi imatchulidwa pamodzi.