Momwe ndinatsatira dandaulo la anthu akwathu lopita ku Legco ya atsamunda

Kwathu ku Thyolo akuluakulu ankakamba kuti nthawi ya thangata anthu a m'mudzi mwathu atathamangitsidwa pa esiteti ina analemba kalata yopempha chipukuta misozi cha nyumba zawo ndi nthochi zimene anasiya, komanso chakudya pa njala ya 1949, ndipo ankati kalatayo inapita "ku nyumba ya malamulo ku Zomba". Ine ndinkafuna kuiona ndi maso anga, ndiye ndifotokoze njira imene ndinayenda kuti amene ali ndi nkhani ngati yathuyi asavutike kwambiri.

Musanakwere minibasi ya ku Zomba khalani kaye pansi ndi agogo kapena aliyense wamkulu amene adakalipo. Mufunse dzina la mudzi la nthawi imeneyo, nyakwawa inali ndani, mfumu yayikulu inali ndani, ndipo ngati chaka sakuchikumbuka afunseni kuti zinachitika njala isanafike kapena itapita, nkhondo ya Hitler isanathe kapena asilikali a KAR (gulu lankhondo la atsamunda la King's African Rifles) atabwerera. Akuluakulu amawerenga zaka ndi zochitika, ndiye inu ndi amene musandutse zimenezo kukhala manambala. Ine ndinachoka ndi mayina a anthu nditawalemba pa kapepala, ndipo mayina amenewo ndi amene anandithandiza kuposa china chilichonse.

Kenako mumvetse momwe boma lija linkayendera, apo ayi mudzafunafuna malo olakwika. Nyumba ya malamulo ija, Legislative Council, imene ankangoti Legco, inakhazikitsidwa mu 1907 ndipo inkakumana ku Zomba, koma munalibe munthu wakuda mpaka 1949 pamene analowetsamo awiri, ndipo amenewonso anachita kusankhidwa ndi bwanamkubwa osati kuvoteredwa. Zaka zonse zija amene ankati akuyankhulira ife anali mmishonale. Anthu ngati a Chipembere ndi a Kanyama Chiume analowa mu 1956. Ndiye munthu wa pa esiteti ku Thyolo sakanangonyamuka kukapereka kalata ku Legco ayi, kalata inkayamba kwa mfumu, kupita kwa DC, DC kutumiza kwa Provincial Commissioner ku Blantyre, uyo kwa Chief Secretary, mlembi wamkulu wa boma, ku Zomba, ndipo pa sitepe iliyonse panali munthu woti akhoza kungoikhalira. Madandaulo ambiri ankathera pa tebulo la DC, ena ankadzera m'mabungwe a anthu akuda otchedwa Native Association monga aja a Levi Mumba, kenako Nyasaland African Congress itayamba mu 1944 inkatolera nkhani zoterezi.

Ku National Archives ku Zomba, kumene amasunga mafayilo akale a boma, tengani ID, pensulo ndi kope, ndipo imbani kaye kufunsa za ndalama zolipira kafukufuku komanso malamulo ojambula mapepala. Mukafika muwafotokozere ogwira ntchito nkhani yanu mwachidule, boma liti, zaka ziti, nkhani yanji, iwowo amadziwa mndandanda wa mafayilo kuposa ife. Mumalemba nambala ya fayilo, iwo nkukakutengerani, inu kudikira. Dziwaninso kuti maofesi a Secretariat, likulu la boma ku Zomba, anapsa ndi moto mu 1919, ndiye za kumbuyo kwa chaka chimenecho zambiri zinapita, koma za m'ma 1940 zilipo.

Mayina a malo mufufuze ndi kalembedwe kakale. Thyolo ankalemba Cholo, Mulanje ndi Mlanje, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald. Ndipo pachikuto cha fayilo sipadzalembedwa dzina la mudzi wanu ayi, pamakhala mutu wa nkhani monga za anthu okhala pa ma esiteti kapena za njala, ndiye mumayenera kutsegula tsamba ndi tsamba.

Apa mpamene kudziwa lamulo kunandithandiza. Lamulo la 1928 la anthu okhala pa malo a ma esiteti linkati munthu alipire lendi ndi ndalama, ntchito kapena mbewu, ndipo linkalola mwini esiteti kuchotsa anthu mpaka 10 pa 100 alionse zaka zisanu zilizonse popanda kunena chifukwa. Tangoganizani, munthu wabadwira pamenepo, manda a makolo ali pamenepo, koma lamulo likumuwerenga ngati mlendo. Mkangano unakula mpaka mu 1946 anabweretsa Sir Sidney Abrahams kudzafufuza za malo, ndipo iye analangiza kuti boma ligule malo amene ma esiteti sankawagwiritsa ntchito kuti pakhale anthu. Nditadziwa zimenezi ndinayamba kuitanitsa mafayilo a zaka zozungulira pamenepo basi, osati chilichonse cha Cholo.

Kalata ndinaipeza ili pakati pa mapepala ena, yolembedwa pamanja m'Chinyanja ndi inki imene yasanduka yofiirira, kumbuyo kwake ataphatikiza ina yotayipa m'Chingerezi imene kalaliki wa pa boma anamasulira. Pansi pali mayina, ena anasayina okha, ambiri anadinda chala ndipo wolembayo anaika dzina pambali pa chala chilichonse. Papepala pali dzimbiri la pini imene inagwira masamba zaka zonsezi. Analemba mwaulemu kwambiri, kudzitcha ana a boma, koma zimene ankapempha zinali zomveka bwino, nyumba zingati, minda ya nthochi, ndi malo oti akakhale. Thupi langa linachita tsemwe nditaona dzina la agogo a mayi anga pamenepo.

Koma musathere pa kalata yokha. Kutsogolo kwa fayilo kumakhala timapepala timene mabwana ankalemberana maganizo awo, aliyense kalembedwe kake ndi deti, ndipo chigamulo chenicheni chimakhala mmenemo. Pa yathuyi zikuoneka kuti nkhani inakwera mpaka ku Secretariat nkubwereranso kwa DC kuti akawauze anthu kuti zonse zinachitika motsata lamulo. Ku Legco sinafike. Akuluakulu akwathu anamwalira akukhulupirira kuti nyumba ya malamulo inamva kulira kwawo, ndipo izi zimandiwawa mpaka pano, chifukwa anachita zonse moyenera, anasonkha ndalama ya pepala ndi sitampa, anadikira yankho.

Za njala ya 1949 zili m'mafayilo ena, nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby. Mvula inakanika m'chigawo cha kummwera, boma linabweretsa chakudya koma chambiri chinali chogula, ndipo makampu odyetsera anthu anatsegulidwa mu 1950 anthu atafooka kale. Ngati akwanu anapempha thandizo nthawi imeneyo fufuzani m'malipoti a DC.

Ngati dandaulo linalembedwa kupita kwa Secretary of State, nduna yoyang'anira maiko a atsamunda ku London, bwanamkubwa ankayenera kulitumiza ndi ndemanga yake, ndiye yang'anani pa intaneti mu catalogue ya National Archives ya ku Kew ku London, mndandanda wa CO 525 ndi makalata a Nyasaland ndipo CO 626 muli zokambirana za makhonsolo a boma monga Legco. Kufufuza mitu ya mafayilo ndi ulere, pa foni zimatheka. Chilichonse chimene mwakopera lembani nambala ya fayilo pambali nthawi yomweyo, chifukwa mukabweza fayilo ija mulibe nambala, kuipezanso ndi ntchito ina. Ine pano ndikutsatira mafayilo a malo amene boma linagula pambuyo pa lipoti la Abrahams kuti ndione ngati mabanja a pa kalata ija ndi amene anapatsidwa malo amene tikukhalawa.