Mbiri ya moyo wanga, gawo la 7: Mabaluni a Nena

Zikomo nonse amene mwakhala mukufunsa kuti nkhani ija yathera pati. Maso akuvuta, ndiye mdzukulu wanga ndi amene akundilembera pa foni. Koma ndiyambe ndi inu bambo a ku Dedza amene munalemba kuti nyimbo ya mabaluni ya "99 Luftballons" inali ya Chingerezi, Ajeremani n'kungoimasulira. Pepani, mwatembenuza nkhani. Nena, woimba wamkazi wa ku Germany, anaiimba m'Chijeremani mu 1983. Yachingerezi inabwera pambuyo, n'kufika pa nambala 1 ku Britain mu 1984, koma ku America anakonda yachijeremani yomweyo mpaka nambala 2, ambiri osamva ndi liwu limodzi lomwe.

Ine sindingawaseke, ndinali ngati iwo. Mukukumbukira kuti ndinachoka ku Ulongwe kupita ku East Berlin pa mgwirizano wa 1979 uja wotumiza antchito a ku Mozambique. Mnzanga wa m'chipinda, wa ku Beira uja, anali ndi wailesi ya kaseti. Usiku tinkatsegula RIAS, wailesi ya ku West Berlin, kutsidya kwa khoma lomwe linkagawa mzindawo pawiri, motsitsa mawu, chala chili pa batani lojambulira. Nyimbo zatsopano za Chijeremani za nthawiyo ankazitcha Neue Deutsche Welle. Ine wokulira pa ng'oma ya chikopa ndinkadabwa: anthu akuluakulu a gulu la Trio kuimba "Da Da Da" ndi kachipangizo ka Casio konga choseweretsa mwana, dziko lonse n'kumagula! Koma Loweruka ndinkavina kuposa onse, makamaka ya mabaluniyo. Ndinkayesa ndi ya chikondi.

Kalata inafika mu 1986, itayenda miyezi. Analemba ndi achemwali anga. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inali itafika kwathu ku Angónia. Amayi anathawira ku Ntcheu usiku, mtolo pamutu. Abambo anabwerera kukatsegulira mbuzi. Sanawapezenso. Ndinawerenga kamodzi, kawiri, n'kuipinda, n'kuitsegulanso, ngati mawu asintha. Ndinawerengetsa masiku chobwerera m'mbuyo, n'kupeza kuti mwezi umene ankawafunafuna m'thengo ine ndinali kugula nsapato zovinira. Sindinalire. Ndinakhala pabedi jekete lili m'thupi mpaka kunja kunada.

Mnzanga, posadziwa chonena, anaika kaseti. Apo Chijeremani ndinali nditachigwira, koma nyimboyi ndinali ndisanaimvetserepo ndili chikhalire. Usiku umenewo ndinaimva. Mabaluni auluka, akuluakulu a asilikali akuwayesa adani, atumiza ndege, nkhondo ya zaka 99 yabuka, wopambana palibe. Kumapeto munthu akuyenda m'mabwinja, n'kupeza baluni imodzi. Carlo Karges, wa gitala wa gulu la Nena, anaiganiza nyimboyi mu 1982 ataona mabaluni akuuluka pa konsati ya Rolling Stones ku West Berlin, n'kudzifunsa kuti akawoloka khoma zitha bwanji. Mbali ya khoma imene ankanenayo ndi kumene ine ndinakhala usikuwo. Misozi inayambira pamenepo.

Achemwali, ndikudziwa mumawerenga. Mpaka lero mumati sindinabwere. Ndikanabwera kuti? Maliro panalibe, manda panalibe, mudzi panalibe.

Khoma linagwa mu 1989, mu 1990 tinabwezedwa kwathu. Kasetiyo ndinabwera nayo. Amayi ataimva ku Ntcheu anangofunsa kuti, "Mwanangu, mtsikanayu akukondwera kapena akudandaula?"