Chomwe chimapha mota ya galimoto ya rimoti kuno ku Chipata

Pa bokosi la galimoto ya rimoti amalembapo liwiro ndi manambala akuluakulu, koma palibe pomwe amalemba kuti mota yake idzapirira miyezi ingati mu fumbi la ku Kapata kapena pa bwalo la mpira mu Okutobala. Pa zonse zomwe ndaphunzira za magalimoto omanga wekhawa, aja amabwera ziwalo zili m'timatumba ta pulasitiki pamodzi ndi buku la malangizo, chachikulu ndi ichi: mota nthawi zambiri simafa yokha, imachita kuphedwa. Zoipha ndi kutentha, fumbi ndi magiya oikidwa molakwika, ndipo zambiri mwa izi zimayambira pa tebulo pomwe galimotoyo ikumangidwa.

Pano sindikunena za zidole za m'mashopu zija. Izo zili ndi bolodi imodzi yogwira ntchito zonse, ndipo ikapsa ndiye kuti galimoto yatha. Kit yeniyeni, monga za Tamiya ndi Kyosho za ku Japan, ili ndi mota payokha, ESC yomwe imapatsa mota mphamvu payokha, servo yokhotetsa matayala payokha, risiva yolandira uthenga wa rimoti payokha. Chiwalo chilichonse chili ndi nambala yake m'buku. Kit yomwe ziwalo zake zilibe manambala musaigule, ngakhale itakhala yotsika mtengo, chifukwa tsiku lomwe giya idzathe mano simudzadziwa chofunsa.

Magalimoto ambiri a saizi ya 1/10, ochepa kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, amabwera ndi mota ya mabulashi ya saizi ya 540. Kunenepa kwake ndi pafupifupi mamilimita 36 ndipo shafiti yake ndi mamilimita 3.17. M'kati muli maginito awiri, mawaya a mkuwa okulungidwa pa gawo lozungulira, ndi timakala tiwiri, mabulashi aja, tomwe timakhuza pa commutator, timapale ta mkuwa tozungulira limodzi ndi shafiti, kupereka magetsi. Nambala ya T yolembedwa pa mota imanena kuti waya wazungulira kangati. Mota yasiliva ya Mabuchi yomwe imapezeka m'makiti ambiri a Tamiya ndi 27T, Torque Tuned ndi 25T, Sport Tuned ndi 23T. Nambalayi ikamatsika mota imathamanga kwambiri, koma imakokanso magetsi ambiri, imatentha msanga, ndipo mabulashi sachedwa kutha. Kwa munthu woyendetsa pa dothi kuno, 27T si mota yochita nayo manyazi. Ndiyo imakhululuka zolakwa zambiri.

Mota yatsopano musaiyambitse ndi kuponda moto wonse. Mabulashi atsopano sanakhale bwino pa commutator, amakhudza ndi m'mbali mokha, choncho amathetheka ndi kusiya zipsera. Ichotseni pinion, giya yaing'ono ya pa shafiti yake, motayo muilumikize ku mabatire awiri a tochi, omwe ndi mavoti 3, izungulire yopanda katundu mphindi 15 kapena 20. Mukatero itsukeni ndi mankhwala opopera otsukira zamagetsi, iume, kenako dontho limodzi la oilo wopepuka pa bushi ya kutsogolo, kamphete momwe shafiti imazunguliramo, ndi lina pa ya kumbuyo. Limodzi basi. Oilo akafika pa mabulashi amasakanikirana ndi fumbi la makala n'kupanga phala lakuda lomwe limatseka timipata ta commutator.

Nkhani yomwe ndimaona kuti anthu amaidumpha kwambiri ndi ya magiya. Pa shafiti ya mota pali giya yaing'ono, pinion, yomwe imazunguza yaikulu, spur. Titenge Tamiya TT-02 chifukwa manambala ake ndi odziwika: spur ili ndi mano 70, pinion mano 22, ndipo magiya a m'kati amachulukitsa ndi 2.6. Mukagawa 70 ndi 22 n'kuchulukitsa ndi 2.6 mupeza 8.27, kutanthauza kuti mota imazungulira ka 8.27 kuti tayala lizungulire kamodzi. Mukaika pinion ya mano 25 nambalayo imatsika kufika 7.28. Galimoto ithamanga inde, koma mota ikuvutika ngati munthu wokwera chitunda pa njinga yodzaza matumba a makala ali pa giya yolemera. Mukaika ya mano 19 nambala imakwera kufika 9.58, liwiro limachepako pang'ono, mota n'kumazizira ndipo batire limakhalitsa.

Magiya a m'bukuwo ndi oyenera msewu wa phula wosalala. Ife timayendetsa pa mchenga, pa dothi lofiira ndi pa kapinga, dzuwa la Okutobala litapitirira madigiri 30. Mchenga ndi udzu zimagwira matayala, ndiye mota imakoka magetsi ambiri kuti ichite ntchito yomweyo. N'chifukwa chake ndimati yambani ndi pinion yochepera mano awiri kapena atatu pa ya m'buku. Yendetsani mphindi 5, imani, ikani chala pa mota. Ngati chala sichingakhalepo masekondi 5, mota yatentha mopitirira, tsitsaninso pinion. Amene ali ndi choyezera kutentha ayesetse kuti isapyole madigiri 70 mpaka 80. Mota ikatenthetsa maginito amatha kufooka, ndipo maginito akafooka sabwereranso ngakhale mota itazizira. Apa ndi pomwe munthu amadabwa kuti batire ndi lodzaza koma galimoto ikuyenda ngati yatopa. Kumbukiraninso kuti kuika matayala aakulu kuli chimodzimodzi ndi kukulitsa pinion, choncho mukasintha matayala tsitsani pinion tsiku lomwelo.

Mpata wa pakati pa pinion ndi spur nawo ndi wofunika. TT-02 ili ndi maboo oboola kale, lililonse la pinion yake, ndiye mumangotsatira tebulo la m'buku. Magalimoto ena ali ndi mpata woti mota iziyendamo. Pa amenewo dulani kapepala ka m'kope, kalowetseni pakati pa mano a magiya awiriwo, kankhirani mota ku spur, mangani masikuluwu, kenako zunguzani kapepala katuluke. Mukagwira pinion n'kugwedeza spur, pazimveka kusewera pang'ono kwambiri. Yesani malo anayi kuzungulira spur, poti ma spur a pulasitiki sakhala ozungulira ndendende, ndipo mpata muuyezere pamalo pothina kwambiri. Mukathinitsa, galimoto imalira mokweza ndipo mota ndi mabushi ake zimatentha. Mukatayitsa, mano amangogundana kunsonga n'kusengeka, mumva mota ikulira galimoto ili chiimire.

Pali msampha wina pogula pinion. Mano a magiya ali ndi miyeso yosiyana, 48P, 32P, module 0.6, module 0.8. Pinion ya 48P ndi ya module 0.6 zimaoneka zofanana ndi maso koma sizilowana, ndipo mukazisakaniza spur imatha masana amodzi. TT-02 imafuna module 0.6. Pinion ya aluminiyamu yomwe imabwera m'makiti ambiri imadyeka n'kusiya phala lotuwa m'magiya, choncho yachitsulo ndi chinthu choyamba choyenera kuwonjezera. Kasikuluwu kake kakang'ono kazikhala pa mbali yaphwatalala ya shafiti, ndi kadontho ka threadlock ya buluu, mankhwala omata kuti sikuluwu isamasuke. Threadlock ndi ya chitsulo pa chitsulo pokha, pa pulasitiki imaononga.

Fumbi lathu lili ndi tizitsulo tating'ono, ndipo maginito a mota amatikoka kudzera m'maboo opitira mphepo. Tikalowa timakanda commutator ndi kudya mabushi. Ena amamata maboowo ndi tepi kuti fumbi lisalowe, koma akatero atsekera kutentha m'kati, ndipo kutentha kumapha msanga kuposa fumbi. Chabwino n'kutsuka. Mukatha kuyendetsa chotsani fumbi ndi kabulashi kopentera kouma, popani mphepo ndi pampu ya njinga, ndipo pakatha mabatire asanu kapena asanu ndi limodzi muichotse mota, muipopere mankhwala otsukira mpaka otuluka akhale oyera, n'kubwezera madontho awiri a oilo aja. Gwirani shafiti muigwedeze cham'mbali. Ikamasewera, mabushi atha. Mota ikamafuna kukankhidwa kuti iyambe, mabulashi afupika kapena commutator yada. Ikanunkha ngati waya wopsa, vanishi ya pa mawaya yasungunuka ndipo palibe chokonza.

Magiya omwe ali poyera musawapake girizi, chifukwa girizi ikagwira mchenga imasanduka chonolera. Girizi ndi ya m'bokosi lotsekeka la magiya ndi m'madifu, magiya ogawira matayala mphamvu. Yang'ananinso udzu ndi ulusi wa masaka zomwe zimakulungika kuseri kwa matayala. Zimagwira ngati mabuleki osaoneka, ndipo mota ndi imene imalipira.

Makiti otsika mtengo amabwera ndi mabushi a pulasitiki m'malo mwa mabering'i. Mu fumbi mabushiwa amakula boo msanga, tayala n'kuyamba kugwedera. Gulani mabering'i musanayambe kumanga, chifukwa kuwaika pambuyo kumafuna kuphwasula galimoto yonse. Saizi yopezeka kwambiri pa 1/10 ndi 5x11x4, koma onani m'buku, ndipo sankhani otseka ndi labala, osati ndi kachitsulo, poti labala imatchinga fumbi bwino.

Za mota yopanda mabulashi, ya brushless, anthu amaiyamikira ndipo mbali ina akunena zoona. Mulibe chokhuzana kupatula mabering'i awiri, ndipo zambiri ndi zotsekeka, choncho fumbi silivuta kwambiri. Nambala yake ndi KV, kuzungulira pa mphindi pa voti iliyonse. Ya 3300KV pa batire la mavoti 7.4 imafika pafupifupi 24,000 pa mphindi ikakhala yopanda katundu. Vuto n'lakuti mphamvu imeneyo imapita ku chiwalo chofooka chotsatira: spur, madifu, timashafiti ta matayala. Kuika 5000KV mu kit ya magiya a pulasitiki n'kugula ziwalo sabata iliyonse. Pa dothi, 3000 mpaka 3500KV ndi ESC ya 60A zikukwanira. Ya sensorless, yopanda kachipangizo kouza ESC pomwe shafiti yafika, imanjenjemera ponyamuka pang'onopang'ono, ndi chibadwa chake, koma kunjenjemerako kukakula ndiye kuti pinion yakula, batire lafooka kapena waya wina sanawotcheredwe bwino. Ikamazungulira chobwerera, sinthanitsani mawaya awiri aliwonse mwa atatu ochokera ku ESC kupita ku mota. Pa ya sensored, yokhala ndi kachipangizoko, musatero, A apite pa A, B pa B, C pa C. Nayonso ikatentha kwambiri maginito amafooka kapena kumatuka pa shafiti, ndiye lamulo la chala lija silisintha.

Nthawi zina mota imanamiziridwa pomwe cholakwa chili pa batire ndi pulagi. Pulagi yoyera ya Tamiya, yolumikiza batire ndi ESC, imakwanira pa 27T ndi batire la NiMH la mavoti 7.2, koma magetsi akachuluka imatentha, kutaya mphamvu, mwinanso kusungunuka. Sinthani muike XT60 kapena Deans. Ngati simudziwa kuwotcherera, okonza mawailesi ndi mafoni pa msika angakuchitireni, koma achite waya mmodzi n'kumuphimba asanagwire winayo, chifukwa mawaya awiri a batire akakhudzana moto wake si wamasewera. Batire la LiPo la maselo awiri limadzaza pa mavoti 4.2 selo iliyonse, lisatsike kupyola 3.2, ndipo ngati likhala sabata osagwira ntchito lisiyeni pa 3.8. Tchajani ndi chaja ya balance, yodzaza maselo onse mofanana, pa 1C, kutanthauza maampu 5 pa batire la 5000mAh, pa simenti, inu muli pomwepo. Lotupa musaligwiritsenso ntchito, ndipo musalisiye m'galimoto yotseka padzuwa. ESC monga Hobbywing QuicRun 1060 ili ndi kapini kosankhira LiPo kapena NiMH. Mukaiwala kukaika pa LiPo, ESC siidula mphamvu pa nthawi yake ndipo batire limaonongeka. Poti magetsi amazimazima, chaja yolandira mavoti 12 ndi yabwino, imagwira pa batire la sola kapena la galimoto.

Pomanga, masikuluwu a m'makiti a ku Japan ndi a mtundu wa JIS, ndipo sikuludilaiva ya Phillips imaterereka n'kuwononga mutu. Sikuluwu yolowa mu pulasitiki imangeni mpaka mutu ukhale pansi, muime pomwepo. Poibwezera tsiku lina, yambani mwaizunguza chobwerera mpaka mumve yagwera mu mzere wake wakale, apo ayi mudula mzere watsopano ndipo boo lidzakula. Servo iyatseni kaye ikhale pakati musanamange kadzanja kake. Rimoti ndiyo yoyamba kuyatsa ndi yomaliza kuzimitsa.

Kusankha mtundu wa galimoto nako kumateteza mota. TT-02 ndi yapansi, ya pa phula, pa miyala imakhuza mimba. Pa mabwalo athu buggy, galimoto yokwera yopangidwira pa dothi, monga DT-03 kapena TT-02B ndiyo yoyenera. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ESC yolembedwa kuti silowa madzi sikutanthauza kuti mabering'i ndi masikuluwu sachita dzimbiri, ndiye mukayenda m'matope umitsani tsiku lomwelo n'kuthira oilo.

Lusaka ili pa mtunda wopitirira makilomita 550 pa Great East Road, ndipo zoitanitsa kunja zimatenga masabata, mabatire a LiPo n'kukhala ovutirapo chifukwa cha malamulo a ndege. Choncho poitanitsa kit, ikani m'phukusi lomwelo spur imodzi yapadera, ma pinion achitsulo awiri osiyana mano, mabering'i a galimoto yonse ndi ena anayi owonjezera, mikono ya kutsogolo, kashafiti ka tayala kamodzi, timapini togwirira bodi, ndi mota ya 27T yachiwiri. Ngati muli angapo ofuna kuyamba, gwirizanani mugule chasisi cha mtundu umodzi kuti ziwalo muzibwerekana.