Kuyesa pulogalamu ya banki m'khonde popanda kutumiza SMS ngakhale imodzi

Pulogalamu imene ndimalemba ndi Python imawerengera ngongole za mamembala a banki m'khonde, kenako imatumiza SMS kwa amene tsiku lawo lobweza ladutsa. Poiyesa pamafunika mamembala ongopeka komanso njira yoti uthenga usafike pafoni ya munthu aliyense.

Ndimayamba ndi deta. Mu foda ya tests ndimaika fayilo ya mamembala.json. Mayina ndi manambala enieni sindikopera, chifukwa ngongole ya munthu ndi chinsinsi chake. Ndimalemba anthu ochepa, koma aliyense ndi nkhani yake: wina wabweza zonse, wina wachedwa, wina alibe foni, wina dzina lake lili ndi ŵ. Womalizayu ndi amene amagwira aliyense woiwala encoding="utf-8" potsegula fayilo, makamaka pa Windows.

Poyesa ndimagwiritsa ntchito pytest, chida choyendetsera ma test a Python. Kenako mu conftest.py, fayilo imene pytest imaiwerenga yokha, ndimalemba function yowerenga mamembala.json, pamwamba pake n'kuika @pytest.fixture. Izi zimaisandutsa fixture, function yokonzera ma test deta. Test yofuna mamembala imangotchula dzina la fixture, pytest n'kuibweretsera. Scope, yomwe imanena kuti fixture iziyendanso liti, sindiikhudza, imakhala pa function, kuti test iliyonse izilandira deta yatsopano. Ukaika pa session kuti zifulumire, ma test onse amagawana deta imodzi, ndipo test imodzi ikasintha ndalama za membala, zinzake zimalephera osadziwa chalakwika n'chiyani.

Tsono za SMS. Apa ndimagwiritsa ntchito patch ya mu unittest.mock, yomwe imabwera ndi Python kuyambira pa 3.3. Patch imaika mock, function yongonamizira, m'malo mwa yotumiza SMS yeniyeni. Pamene ambiri amasokonezeka m'pakuti patch imaikidwa kumene chinthucho chikugwiritsidwa ntchito, osati kumene chinalembedwa. Ngati ngongole.py ili ndi from sms import tumiza, ndimalemba patch("ngongole.tumiza", autospec=True). Ukalemba "sms.tumiza", uthenga upita ndithu, mayunitsi n'kuthera pomwepo. Autospec imathandiza kuti mock ikane ukaiitana mosiyana ndi function yeniyeniyo.

Test ikayenda, assert_called_once_with imanditsimikizira kuti wochedwa uja yekha ndiye walandira uthenga, pa nambala yake. Kenako ndimaika side_effect=TimeoutError pa mock, kuti ilephere ngati kuti netiweki yathawa, ndione ngati pulogalamu isunga uthengawo kuti idzautumizenso.

Gawo lowerengera chiwongoladzanja sindiliika mock. Ndi pamene pali ndalama za anthu, choncho limayenda lenilenilo, ndipo yankho lake ndimaliyerekeza ndi limene ndawerengera ndekha pakakyuleta.