Mfundo Yaikulu ya ku Chencherere

Mwana wamkazi wa achemwali anga anabwera kuchokera ku Zomba ndi mtolo wa zingwe za khonje, nati tikayende ku Chongoni. Akuti ndi luso: ukuyenda, ukakumbuka kanthu, umange mfundo pa chingwe chako. Anati a Inca a ku Peru ankasunga chiwerengero cha anthu ndi misonkho pa zingwe zotchedwa khipu, ndipo anyamata aliwiro ankathamanga nazo m'misewu ya m'mapiri. Ine ndinamukumbutsa kuti agogo ake ankamanganso mfundo pa chitenje, koma mwawomo munkakhala ndalama.

Tinanyamuka gulu, apongozi anga aakazi ali momwemo, poti anamva kuti kukhala Fanta. Pa mtengo pomwe aphunzitsi anandikwapulira ndili mwana, mfundo. Pa chigayo pomwe ndili ndi ngongole, mfundo, n'kuwonjezera liwiro.

Ku Chencherere tinakwera thanthwe kukaona zithunzi zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu. Wotilondolera ali mkati mofotokoza kuti malo otere alipo 127 ndipo bungwe la padziko lonse loona za chikhalidwe la UNESCO linawazindikira mu 2006, ine ndinatambasula mwendo, lamba n'kungoti du! Ndinazemba kuseri kwa mwala, n'kumanga buluku ndi chingwe cha zikumbukiro chija, malaya n'kuphimba.

Titatsika tinakhala pamthunzi, aliyense afotokoze mfundo zake. Yanga itakwana ndinangokweza malaya.

"Amalume, nanga yaikulu ili pamchomboyo ndi ya chiyani?"

"Imeneyi ndi njala ya 2002, mwanangu. Sichoka pamimba."

Amayi onse anapukusa mitu, wina mpaka kupukuta msozi. Mtsikanayo anagwidwa nazo moti anati chingwe changa ndicho chipachikidwe patsogolo pojambula. Ndinati zachisoni sazijambula. Anati ndiye luso lenilenilo. Anamasula yekha, ine ndaima chilili, dzanja lamanzere lili gwa m'chiuno.

Nthawi yomweyo anatulukira anyakwawa kudzaona alendo. Onse anayamba kuwomba m'manja mwaulemu. Ine ndinangowerama, n'kumamenya dzanja limodzi pachifuwa. Anyakwawa anandiyang'ana, nayang'ana anthu, nandiyang'ananso.

Apongozi anga, amene chikwatirireni sanandilankhulepo maso ndi maso, ananong'ona mawu omveka mudzi wonse:

"Bambo a kwathu, manja onse awiri. Musatichititse manyazi."

Ndinawomba.